Aneni a Chijapani andizunguza mutu, thandizeni

Abale amene munaphunzirako Chijapani ndithandizeni chonde. Ndayamba mwezi watha, zilembo za Chijapani zotchedwa hiragana ndaloweza bwinobwino koma pa aneni apa ndiye zandivuta. Zoti mneni amakhala kumapeto kwa chiganizo ndazolowera, aneni osatsata lamulo aja, suru (kuchita) ndi kuru (kubwera), ndangowaloweza basi. Vuto ndi awa othera ndi ru. Taberu, kudya, umangochotsa ru nkuika masu kuti mneni amveke mwaulemu, tabemasu, zophweka. Ndiye ine ndinatenga kaeru, kubwerera kunyumba, nkulemba kaemasu, kenako ndikuona mubuku ati ndi kaerimasu chifukwa ndi wa gulu la aneni lotchedwa godan osati ichidan, gulu la taberu longochotsa ru lija, aaa! Kiru nayenso, kuvala ndi kimasu koma kudula ndi kirimasu. Inu mumawasiyanitsa bwanji mukangowaona, pali kanjira kapena nkungoloweza mmodzimmodzi? Za kusintha aneniwa kuti azithera ndi te, monga tabete ndi kaette, sindinayambe nkomwe, ndikuziopa.