Nsapato zovala ku Buckingham Palace kukagwa mvula

Moni nonse pagulu pano. Ndaitanidwa kuphwando la m'munda wa mfumu ya ku Britain ku Buckingham Palace, nyumba yachifumu ya ku London, mwezi uno wa Meyi, koma azanyengo akuti tsikulo kugwa mvula, ndipo phwandoli saliimitsa chifukwa cha mvula. Zipata amatsegula 3 koloko, abanja lachifumu amatulukira 4 koloko, ndiye tidzaima nthawi yaitali ndithu pakapinga wonyowa.

Zovala zakwathu amalola, choncho ndasoketsa diresi la chitenje ndi duku lake. Vuto ndi nsapato. Zagogoda ndaziyesera pakapinga kuseri kwa nyumba, zikungotitimira m'dothi. Majombo nawo ayi, ndikuoneka ngati ndikupita kudimba. M'masitolo ndazungulira osapeza zoyenera.

Inu amene munapitako kukugwa mvula, munavala chiyani kuphazi? Nanga ambulera yaikulu amalola kulowa nayo, kapena nditenge kakang'ono kokwana m'chikwama?