Keke ya dzungu ikulowa pakati, Loweruka ndili ndi oda

Amake Tadala (Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto ndipo nthawi yandithera. Amayi a Mvano kutchalitchi kwathu andipatsa oda ya makeke 6 a dzungu Loweruka likubwerali, akulandira alendo ochokera ku Bulawayo. Maungu ndi a m'dimba langa lomwe kuseri kwa nyumba, chaka chino ayanga mpanda wonse. Koma kuyambira Lolemba ndaphika katatu, ndipo katatu konse keke ikufufuma bwinobwino, ndikangoiphula pakati n'kulowa ngati chisa cha nkhuku. M'mbali mwapsa, pakati phala. Ana akuvina chifukwa zolephereka akudya ndi iwo, koma ine mazira 12 apita. Ndikulakwa pati?

Anaphiri (Highfield): Pepani achemwali. Tiuzeni kaye muyeso wonse, musabise kanthu. Komanso mukuphikira pa chiyani?

Amake Tadala: Ufa wa self-raising makapu 3, baking powder timasupuni ta tiyi 3, soda kasupuni kamodzi, shuga makapu 2, mazira 4, mafuta kapu imodzi, mkaka theka la kapu, dzungu lophika makapu 2. Ndi muyeso wa amayi anga ku Nkhotakota, sunandigwiritsepo mwala. Ndikuphikira pa mbaula, poto wamkulu wa mchenga pansi, makala ena pa chivindikiro. Magetsi kuno akubwera anthu atagona, gasi ndikusungira nsima.

Anaphiri: Imani pomwepo. Amayi anu ankagwiritsa ntchito ufa wa self-raising?

Amake Tadala: Ayi, iwo anali ndi ufa wamba wa tirigu. Ndipo yawo inali ya nthochi, ine ndangosintha n'kuikapo dzungu.

Anaphiri: Ndiye si muyeso wa amayi anu umenewo, ndi wanu, musawanamizire akuluakulu. Ufa wa self-raising umabwera uli kale ndi baking powder, kapu iliyonse ili ndi woposa kasupuni kamodzi. Inu mwawonjezanso timasupuni 3, kenako soda pamwamba pake. Keke ikufufuma mothamanga mkati musanalimbe, mpweya n'kuthawa, yokha n'kuphwa ngati tayala la njinga. Ndipo ndikufunseni, ana sakunena kuti ikumveka sopo kukamwa?

Amake Tadala: Tadala ananena dzulo, ndinamukalipira kuti ndi mwano.

Anaphiri: Mukamupepese mwanayo. Soda amafuna chowawasa kuti agwire ntchito: chambiko, mandimu, ngakhale nthochi zakupsa kwambiri zija zimathandizako. Mkaka wanu ndi wabwinobwino, dzungu siliwawasa kwenikweni, ndiye soda akungotsala m'keke osasungunuka mphamvu, ndi sopo mukumumvayo.

Abambo a Yamikani (Mabvuku): Ndalowa mochedwa, ndinali mu kombi, minibasi ya kuno. Zimene anena Anaphiri ndi zoona, koma pali chinanso chimene ambiri ochokera kumudzi sachidziwa. Ine ndagwira ntchito m'bekale m'tauni muno zaka zambiri ndisanapume. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Nkhotakota ili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, mamita osafika 500 bwinobwino. Lilongwe ndi Blantyre zili cha m'ma 1,000. Pamtunda mpweya umapepuka, ndiye thovu la mu keke limakula msanga kuposa kunyanja. Madzinso kuno amawira pa madigiri 95, osati 100. Muyeso umene umabereka keke yokongola ku Nkhotakota kapena ku Salima ukafika kuno umafufumitsa mopyola. Ife pa kasupuni kalikonse ka baking powder tinkachotsako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, shuga n'kuchepetsako masupuni aakulu awiri pa kapu. Shuga akachuluka keke imachedwa kulimba, ndiye imagwa.

Agogo Nabanda (Mbare): Ana inu. Ine ndaphika chigumu ku Mbare kuyambira 1978, phiri limenelo sindinalikwerepo.

Abambo a Yamikani: Agogo, mwakhala pamwamba pake zaka zonsezi, n'chifukwa chake simukuliona. Komanso chigumu n'cha mgaiwa, n'cholemera, sichithamanga kufufuma. Keke ya tirigu ndi yamanyazi.

Agogo Nabanda: Chabwino, za mamita ndakusiyirani. Ine ndinena za moto, chifukwa pamenepo palibe wondiposa. Amake Tadala, m'mbali kupsa pakati phala ndiye kuti moto wanu ngwaukali, ndipo ndikukayikira kuti mumavundukula kuti muone. Mumavundukula kangati?

Amake Tadala: Mwina kanayi, agogo. Mtima sukhala m'malo.

Agogo Nabanda: Ndinadziwa. Keke sisuzumiridwa ngati mwana wakhanda. Mverani. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wosefa, wouma, wokwana zala ziwiri pansi pa poto. Muutenthetse kaye ndi chivindikiro chake nthawi yoti mungasambe n'kuvala. Makala asakhale akuyaka malawi, dikirani achite imvi. Pansi pa poto musiye ochepa, ambiri apite pa chivindikiro, koma m'mbalimbali mozungulira, pakati posiya pambalambanda. Kuti mudziwe ngati kutentha kwakwana, wazani ufa pang'ono pa kambale ka lata n'kuika mkati. Ukada msanga, moto wachuluka, chotsani makala. Ukafiira pang'onopang'ono pakatha mphindi ngati 5, ikani keke. Chitini chisakwiririke mu mchenga, chikhale pa timiyala titatu kapena pa kawaya. Mukatero manja kumbuyo mphindi 30 zoyamba. Mphuno ndi imene ikuuzeni, osati maso.

Mtsikana wa masikono (Dzivarasekwa): Pepani kudula nkhani, alipo amene ali ndi mbande za covo, ndiwo zamasamba zonga repu zija? Ndikufuna 50.

Anaphiri: Mwana iwe dikira, mnzako nyumba ikupsa.

Achimwene a dimba (Epworth): Mbande ndili nazo, tilankhulana kumbali. Koma inu nonse mwathamangira ufa ndi moto, dzungu lenilenilo palibe walifunsa. Amake Tadala, munalithyola liti, ndipo mukuliphika bwanji?

Amake Tadala: Ndikuthyola tsiku lomwe ndikuphikalo. Ndimalisenda, kuduladula, kuwiritsa m'madzi mpaka lifewe, kenako kulipota ndi mthiko.

Achimwene a dimba: Ndiye makapu 2 anuwo theka lake ndi madzi. Dzungu longothyoledwa kumene limakhala lamadzi kale, inu mukulimwetsanso mumphika. Nthochi ya amayi anu inalibe madzi otere. Ndifunsenso, nkhwani mwadya kwambiri chaka chino?

Amake Tadala: Ee, ndi mmene ndiwo zakwerera ku musika? Tsiku ndi tsiku, wotendera.

Achimwene a dimba: Sindikukudzudzulani, nanenso ndimatero. Koma masamba ndi amene amadyetsa dzungu. Mukawathyola kwambiri, dzungu limakula thupi koma kukoma kumachepa. Chaka chamawa mugawe: mapando ena a nkhwani, ena a maungu, amenewo musawakhudze akayamba kubereka. Ndipo kuthirira muzisiya maungu akayamba kukhwima. Pa za Loweruka, sankhani okhwima okhaokha. Dinani khungu ndi chikhadabo, chikalowa lisiyeni, limenelo ndi la futali. Kamchira kake kakhale kouma ngati nkhuni, ndipo podula muzisiya kamchirako, mukakathyola dzungu limayambira pamenepo kuwola. Bwenzi nditati muwayanike padenga masiku 10 kuti madzi achepe ndi shuga akhazikike, koma nthawi mulibe. Ndiye musawiritse. Dulani zibenthu ndi khungu lomwe, ikani mu poto wanu wa mchenga uja muwotche mpaka zifewe, kenako palani ndi supuni. Mukapota, ikani pa nsalu yoyera pamwamba pa sefa usiku wonse. M'mawa mudzaona madzi amene akhala akukugwetserani keke. Mukasowa okhwima, butternut wa ku Mbare Musika ndi wouma bwino, mutha kusakaniza.

Amake Tadala: Ayi, amayi aja ndinawauza kuti ndi dzungu la m'dimba langa, ndi chimene anandipatsira oda. Okhwima alipo 5 kumbali ya chimbudzi.

Achimwene a dimba: Ndiye otsalawo muwachotse June asanafike. Chisanu cha kuno chikagwa usiku umodzi wokha, m'mawa masamba onse akuda ngati awathira madzi otentha, ndipo dzungu logwidwa chisanu silisungika.

Abambo a Yamikani: Tiyeni timange mfundo. Musataye mazira 4, yesani theka. Ufa wa self-raising kapu imodzi ndi theka, baking powder osaika, soda osaika, shuga magawo atatu mwa anayi a kapu, mazira 2, mafuta osafika theka la kapu, dzungu lofinya kapu imodzi. Mkaka usalowe pokhapokha mutaona kuti zalimba zosagwa pa mthiko. Ufa ukalowa musatakase ngati nsima, mungopindapinda mpaka usaoneke.

Agogo Nabanda: Ine mtima wanga sukuvomera keke yopanda soda olo pang'ono. Ife tinakulira chidulo.

Anaphiri: Chidulo n'cha therere, agogo. Akafuna soda ndiye asinthe mkaka, aike Lacto, chambiko cha kuno, kansonga ka supuni kokha. Koma ayese kaye popanda, tione chinthu chimodzi pa nthawi.

Amake Tadala: Zikomo nonse, ndiyesa mawa m'mawa. Dzungu lili pamoto pano.

Amake Tadala: Mwadzuka bwanji. Achimwene a dimba, madzi amene atuluka usiku adzadza kapu, ndachita manyazi. Keke ndaphika, sindinavundukule mpaka mphindi 35, ndinachita kupita kukachapa kuti ndisayesedwe. Sinalowe pakati! Sopo uja wathanso. Koma nditaidula, pansi pakatikati pali kamzere konyowa, kolemera, kotalika ngati chala. Kwa ana zili bwino, koma kwa alendo sindingapereke.

Anaphiri: Chitini chanu n'chachikulu bwanji, ndipo munadzadza mpaka pati?

Amake Tadala: Chozungulira chija chakuya, cha masentimita 20. Chinafika kupitirira theka pang'ono.

Abambo a Yamikani: Kutentha sikukufika pakati nthawi yake. Mu uvuni wa magetsi bwenzi nditati madigiri 180 kwa mphindi 50 n'kuyesa ndi kamtengo, koma mbaula moto umatsika pamene keke ikuufuna. Pakatha mphindi 30 muziwonjezera makala awiri atatu oyaka kale pansi, osati akuda.

Agogo Nabanda: Zimenezo n'zoona, koma pali njira yachidule. Tengani kachitini kopanda kanthu ka tomato kaja kakang'ono, chotsani pepala, dulani mbali zonse ziwiri, tsukani, pakani mafuta kunja kwake, muimike pakati pa chitini chachikulu. Thirani zosakaniza mozungulira, kachitiniko mukagwire ndi chala pothira kuti kasasunthe. Moto uzidutsa pabowo, keke izipsa kuchokera mkati ndi kunja. Pakati pamene pakukuvutanipo sipakhalaponso. Alendo adzati ndi sitayilo ya m'tauni.

Anaphiri: Agogo mwawina. Ine ndinagula chitini cha bowo ndi madola anga, kumeneko n'kukhala ndi nzeru za Mbare. Kungoti kachitiniko kakhale kopanda utoto kapena pulasitiki mkati, kena kamakhala koyera mkati, kameneko musakaike pamoto.

Mtsikana wa masikono: Ine funso langa ndi la nthawi. Makeke 6 pa mbaula imodzi, iliyonse pafupifupi ola, kuphatikiza kukoleza. Muyamba liti?

Amake Tadala: Ndimaganiza Loweruka mbandakucha.

Anaphiri: Musayerekeze. Keke ya dzungu ndi ya mafuta, imakoma kwambiri tsiku lachiwiri. Phikani Lachisanu, zizizire bwinobwino musanazikulunge, mukakulunga zotentha zichita thukuta. Ndipo musasakanize zonse 6 nthawi imodzi. Baking powder wa mu ufa amayamba ntchito akangonyowa, yomaliza idzakhala itatopa isanalowe mu poto. Dzungu lokha konzani lonse Lachinayi usiku, zinazo muzisakaniza imodziimodzi pamene inzake yatsala pang'ono kupsa. Mbaula yanga ndi poto zikungokhala, mutumize Tadala akaweruka kusukulu.

Achimwene a dimba: Phulusa la masiku awiriwo musataye, koma musakhuthulire pa bedi limodzi. Wazani mopyapyala pamene mudzale covo ndi repu, n'kutembenuza dothi. Makoko a mazira onse aja muwaumitse, muwasinje mu mtondo, apite ku manyowa pamodzi ndi makungu a dzungu. Nthanga za dzungu limene likome kwambiri mundisungireko, ndibwera ndi mbande za mpiru tisinthane.

Amake Tadala: Ndayesanso madzulo ano ndi kachitini ka agogo. Onani chithunzi. Mphindi 42, kamtengo katuluka kouma, kamzere kaja kulibe. Bambo a kuno adya zidutswa zitatu ali chiimire, akuti akuyesa ngati ili bwino.

Agogo Nabanda: Abisireni zinazo.

Abambo a Yamikani: Lembani muyeso umenewo m'kope lero lomwe, ndi kapu imene mwayezerayo muimange kansalu pa chogwirira, ana asamamwere tiyi.

Amake Tadala: Loweruka ladutsa, makeke 6 onse anafika amphumphu, imodzi inadera pang'ono pamwamba ndinaiwaza shuga wosalala. Amayi awiri a ku Bulawayo afunsa ngati ndingawapangire ya karoti mwezi wamawa, koma karoti wanga angomera kumene, ndiye ndawauza August. Anaphiri, poto wanu Tadala abweretsa mawa tikaweruka kutchalitchi, muli chidutswa chanu mkati, musamulole anene kuti munalibe kanthu. Achimwene a dimba, nthanga zili padenga zikuuma.

Mtsikana wa masikono: Nanga mbande zanga za covo zija?

Achimwene a dimba: Lachiwiri, pa siteji ya makombi ya Copacabana, 9 koloko. Ubwere ndi chidebe, m'pepala zimafota.