Gulu la banja: za Tadala

Azakhali a ku Chibavi: Mwadzuka bwanji nonse. Ine Tadala akundidandaulitsa, dzulo tikupita ku tchalitchi tafika kale pa Katoto iye wabwerera akuti sanazimitse ayironi, chonsecho ndinazula ndekha iye akuona

Mayi a Tadala: Alamu musanene. Usiku chitseko amachigwira mwina ka 10, akagona adzukanso kudzandidzutsa "amayi ndakhoma eti?" ine ndimangoti eya wakhoma mwanangu kagone

Malume a ku Joni: Si wina wamuchita ameneyu? Mupite naye ku mapemphero

Chikondi: Malume kupemphera tisasiye koma awa ndi matenda, amati OCD. Mmutu mumangobwera ganizo loti nyumba ipsa kapena akuba alowa, mtima nkuyamba kuthamanga, akakayang'ana mtima umakhala pansi kanthawi kochepa ndiye ubongo umazolowera kuti njira ndi yomweyo, mawa kawiri kaja kasanduka kasanu. Mwini wakenso amadziwa kuti sizikumveka nde chonde tisamuseke

Mayi a Tadala: Nde ndikamamuyankha ndikulakwitsa?

Chikondi: Amayi aang'ono mumachita mwa chikondi koma eya, yankho lanulo ndi chimodzimodzi kukagwiranso chitseko. Thandizo lake amati ERP, a kansela amamuphunzitsa kukhoma kamodzi nkuchokapo osabwerera, nkhawa imakwera kenako imatsika yokha. Amayamba ndi zing'onozing'ono sikuti tsiku limodzi zonse ayi, nafenso amatiuza mayankhidwe. Ena amawonjezera mankhwala ngati fluoxetine koma amachedwa kugwira, masabata 8 mpaka 12, osati mawa mwayamba kuti sakuthandiza

Azakhali a ku Chibavi: Zimenezo konkuno ziliko? Ndimaona ngati mpaka ku Zomba

Chikondi: St John of God ili mu Mzuzu momwe muno, za maganizo ndi ntchito yawo. Lachiwiri ndili off ndikhoza kumuperekeza

Malume a ku Joni: Ok ndamva. Ya transport ndi ya kuchipatala nditumiza pa Mukuru, koma anthu asamve kuti mwana wathu wapenga

Chikondi: Sanapenge malume, ku ntchito akupita bwinobwino kungoti amachedwa chifukwa cha chitseko

Achimwene a ku Luwinga: Tonse tikukonza koma mwini wake alipo wamufunsa?

Tadala: Ndilimo mu gulumu, zonse ndawerenga. Ndatopa nazo ndithu, Lachiwiri ndipita. Koma azakhali ayironi ija munazuladi eti?

Chikondi: Azakhali musayankhe