Apongozi sadya nkhumba, dim sum tiyitanitse iti?

Mpongozi wa ku Chelstone:
Abale, Lamlungu ndikutengera apongozi anga ochokera ku Chipata ku lesitilanti yapamwamba ya Chitchaina muno mu Lusaka, kukadya dim sum, tizakudya ting'onoting'ono tamitundumitundu. Iwo ndi a Sabata, nkhumba ndi ma prawn (tizilombo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu) sadya. Ndikufuna akasangalale, asabwerere kunyumba ndi njala. Ndiyitanitse chiyani?

Mayi wa ku Woodlands:
Achemwali, musamale kwambiri. Pa mitundu ya dim sum, mu siu mai muli nkhumba, mu char siu bao muli nkhumba yootcha, mu har gow muli ma prawn. Funsani za ndiwo zamasamba kapena za nkhuku, ndipo mufunsenso za mafuta ophikira. Zakudyazi zimabwera titatu kapena tinayi m'timadengu tansungwi, zikufuka nthunzi, choncho itanitsani pang'onopang'ono zisazizire. Amayi anga anakonda zipalapasiro za nkhuku, zofewa mpaka mnofu kuchoka wokha pafupa.

Bambo wa ku Kamwala:
Chakudyachi n'cha ku Guangdong ndi Hong Kong, amadyera tiyi. Muyambe kuthirira apongozi, inu pomaliza. Tiyi akatha, siyani chivundikiro cha tipoti chotsegula, adzawonjezera madzi otentha.

Mpongozi wa ku Chelstone:
Zikomo. Nanga timitengo todyera tija?

Mayi wa ku Woodlands:
Apemphereni foloko, amapereka bwinobwino.