Kodi French toast wabwino amaphikidwa bwanji kunyumba?

Funso: Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa kuphika. Ndikakazinga buledi woviika m'mazira ndi mkaka, kunja kumapserera pamene m'kati muli phalaphala. Kodi vuto limakhala pa buledi kapena pa moto?

Yankho loyamba: Mayi, vuto lalikulu limakhala buledi. Wofewa wa tsiku lomwelo amamwa mkaka wochuluka n'kuphwasuka, choncho gwiritsani ntchito wogona, amene wayamba kuuma, ndipo mumudule mochindikala pafupifupi masentimita 2. Pa zidutswa 4, menyani mazira 2 mu theka la kapu ya mkaka, muthire kamchere ndi sinamoni pang'ono, mpaka choyera cha dzira chisaonekenso, chifukwa chikatsala chimauma pa buledi n'kununkha dzira lokazinga. Viikani mbali iliyonse kwa kanthawi kochepa, kenako munyamule chidutswacho kuti zotsala zidonthe.

Yankho lachiwiri: Ndikugwirizana ndi bambowa, koma moto nawonso musaunyozere. Ngati mukuphikira pa mbaula, dikirani makala ayere phulusa musanaike chiwaya, popeza moto waukali umapsereza kunja dzira la m'kati lisanapse. Batala yekha sachedwa kupserera, ndiye musakanize ndi mafuta ophikira pang'ono, ndipo mbali iliyonse ikhale mphindi 2 kapena 3.

Yankho lachitatu: Ine shuga sindithira m'mazira, chifukwa ndi amene amadetsa buledi pa chiwaya. Ndimawaza pamwamba ndikaphula, kapena ndimathira uchi n'kuikapo nthochi yodula.