Thandizeni: umboni wa adiresi ya obwera kumene pa chiphaso cha m'dera

Moni nonse abale ndi alongo a m'gulu lino.

Mipingo ndi mzikiti wa m'tauni yathu kuno ku North Carolina m'dziko la America tikukonza tsiku lolembetsa obwera kumene kuti alandire chiphaso cha m'dera chodziwira munthu (ID), chonga chija bungwe lothandiza obwera kuchokera kumayiko ena la FaithAction lidayambitsa ku Greensboro mu 2013 mogwirizana ndi apolisi. Chiphasochi si cha boma, munthu sangayendetsere galimoto kapena kuvotera. Chikhazikitsire lamulo la North Carolina lotchedwa HB 318 mu 2015, maofesi a boma saloledwa kuchilandira, koma apolisi angathe kuchigwiritsa ntchito kudziwira munthu amene alibe chikalata china.

Pomwe zativuta ndi pa umboni wa komwe munthu akukhala. Pasipoti ambiri ali nayo. Koma akugona kwa achibale, ndiye bilu ya magetsi, ya madzi ndi pangano la lendi zonse zili m'dzina la wina. Tinayesa kalata ya abusa ndi ya shehe, apolisi akwathu akuti siikwanira poti wolembayo sakhala pakhomopo. Kubanki nako akufuna adiresi yomweyo tikuisowayi. Achibale ena akukana kusaina, kuopa kuti landilodi angadziwe kuti m'nyumbamo achuluka, ndipo sindingawadzudzule.

Inu amene munachitapo ntchitoyi, kodi kalata ya wachibale yosainidwa pamaso pa notary (munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni kusaina kwa zikalata), pamodzi ndi bilu yake, inalandiridwa? Nanga kalata yochokera kuchipatala kapena kusukulu ya mwana? Komanso makope a zikalatazi mumasunga, kapena mumangoona n'kubweza? Ambiri sabwera akamva kuti mayina awo atsala m'kompyuta.

Zikomo.