Miyala ya kuphiri ija ndi ndalama ya mjigo

Wapampando: Salaam aleikum nonse, akumpingo nanunso moni. Anyamata atola miyala yofiirira kuphiri la kuseri kwa sukulu, ndiye munthu wina wogula miyala wawauza kuti ndi bastnäsite. Ena akuti titapeko pa ndalama ya mjigo tikayezetse. Mukuti bwanji?

Msungichuma: Ine ndakana. Amayi akulawirira kumtsinje ndi zidebe, ife tiziseweretsa ndalama pa miyala?

Achimwene a ku Joni: Mayi msungichuma, musafulumire. Mwala umenewo muli neodymium, wopangira maginito a galimoto zamagetsi. Ku Bayan Obo ku China ndi ku Mountain Pass ku America akukumba womwewo. Anzathu a ku Phalombe ali ndi Songwe Hill, a ku Balaka Kangankunde. Ife tizingoonerera?

Aphunzitsi: Achimwene, mwalondola koma mwasakaniza. Wa ku Kangankunde kwenikweni ndi monazite, wa ku Songwe ndi synchysite, m'bale wake wa bastnäsite. Yonseyi imakhala m'thanthwe lotchedwa carbonatite, lomwe linatuluka pansi lili losungunuka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Nchifukwa chake amaipeza pa mapiri owerengeka, monga Tundulu ndi chilumba cha Chilwa, osati paliponse. Ndipo si golide woti nkusefa m'beseni ngati ku Namizimu. Nthawi zambiri timakhala timitsitsi tosaoneka bwino ndi maso, tobalalika m'thanthwe. Pamafunika kuboola pansi, kugaya, kenako fakitale ya mankhwala. A kampani ya migodi ya Mkango akhala pa Songwe zaka zoposa khumi, mgwirizano ndi boma anasainirana mu 2024.

Achimwene a ku Joni: Nanga poti akuti atathira viniga unachita thovu?

Aphunzitsi: Mwala wa laimu umateronso.

Anganga: Ana inu, chondiopsa ine ndi wogulayo. Dzina lovuta chonchi walidziwira kuti, mtengo osatchula? Ku Makanjira nkhani ya mgodi wa mchenga inayamba ndi alendo oyeza, pano anthu akukamba za minda ndi chipukuta misozi. Afumu adziwitsidwa?

Wapampando: Sanadziwe, anganga. Ndiwaimbira usiku uno.

Aphunzitsi: Anyamatawo asasunge miyalayo m'nyumba yogona, ina yamtunduwu imakhala ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa pa thanzi. Tingotenga iwiri itatu m'jumbo, ikaonedwe ku Geological Survey, nthambi ya boma yoyeza miyala, ku Zomba.

Msungichuma: Thiransipoti asonkhe ofuna miyala. Ya mjigo sindikhudza.

Achimwene a ku Joni: Chabwino mayi, ndituma pa Airtel Money mawa. Akupita ku Zomba ndani?